Dystonia ya Thunthu la Thupi: Jekeseni wa Botulinum Kumsana Poyerekeza ndi Njira Zina za Chithandizo

Munthu amene ali ndi matenda a dystonia ya thunthu la thupi nthawi zambiri amaoneka bwinobwino akagona pabedi. Msana wake umawongoka, mapewa amalingana, ndipo amene wamupeza ali chigonere angathe kukayikira zoti akudwala. Vuto limaonekera akadzuka n'kuyamba kuyenda, chifukwa apo ndi pamene minofu ya kumsana kapena ya pamimba imakungika yokha, iye asakufuna, n'kumukokera kumbuyo, kutsogolo kapena kumbali, moti akangoponya mapazi pang'ono amayamba kufunafuna khoma loti atsamire. Ambiri amanena kuti chimene chimawasowetsa mtendere kuposa kupindikako ndi ululu wa m'chiuno ndi m'nthiti, umene umabwera chifukwa chakuti minofu yakhala ikukokana tsiku lonse popanda kupuma.

Dzina lakuti dystonia linayamba ndi dokotala wa ku Berlin, Hermann Oppenheim, mu 1911, ndipo limanena za kukokana kwa minofu kumene kumapotoza mbali ina ya thupi. Gwero lake silikhala mu minofu yeniyeniyo, koma m'kati mwa ubongo, m'zigawo zimene zimasankha mnofu woti ugwire ntchito ndi woti upume pamene munthu akusuntha. Pa thunthu la thupi, matendawa amaoneka m'njira zitatu zikuluzikulu. Pali kupindikira kumbuyo ngati uta, kumene kawirikawiri kumayendera limodzi ndi khosi lokokera kumbuyo. Pali kuwerama kwambiri kutsogolo, kumene madokotala amakutcha camptocormia, dzina limene Alexandre-Achille Souques wa ku France anagwiritsa ntchito mu 1915 pofotokoza za asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndiye pali kupendekekera mbali imodzi, kumene Ekbom wa ku Sweden ndi anzake anakupatsa dzina lakuti Pisa syndrome mu 1972, potengera nsanja yopendekeka ya mumzinda wa Pisa. Ndikutchula mitundu itatuyi koyambirira chifukwa nkhani yonse yosankha chithandizo yagona pamenepa: jekeseni amene amathandiza munthu wopindikira kumbuyo angathe kuwonjezera vuto la munthu wowerama kutsogolo, ngakhale kuti mankhwala ake ndi omwewo ndipo malo obayapo ndi omwewo.

Asanatenge singano

Njira yoyamba yofunika kuiyeza pa sikelo si jekeseni, si mapiritsi atsopano, ndiponso si opaleshoni, koma kuona bwinobwino mankhwala amene munthuyo akumwa kale. Kupindikira kumbuyo kwa munthu wamkulu nthawi zambiri kumabwera pambuyo pomwa kwa miyezi kapena zaka mankhwala otsekereza dopamine (kamadzi konyamula uthenga mu ubongo), monga haloperidol, chlorpromazine, fluphenazine ndi risperidone, amene amaperekedwa pa matenda a maganizo, komanso metoclopramide amene amaletsa nseru ndi kusanza. Mtundu umenewu umatchedwa tardive dystonia. Kupendekekera kumbali nako kungayambe ndi mankhwala omwewa, kapena ndi donepezil amene amaperekedwa pa matenda oiwalaiwala a ukalamba, kapenanso pamene mankhwala a matenda a Parkinson asinthidwa posachedwa. Ngati zili choncho, kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwalawo kungathe kuwongola msana popanda kubaya paliponse, makamaka ngati kupendekekako kwangoyamba kumene. Komabe izi si zoti munthu achite yekha kunyumba. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala a matenda a maganizo kungadzutse matenda aja mwamphamvu, ndipo nthawi zina kumachititsa kuti kukokana kwa minofu kukule m'masiku oyambirira. Dokotala wa ubongo ndi dokotala wa maganizo ayenera kugwirizana, ndipo kawirikawiri amaganizira za clozapine, amene sayambitsa vutoli kwenikweni koma amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi chifukwa angathe kutsitsa maselo oyera a magazi. Tardive dystonia yokhazikika siitha msanga ngakhale mankhwala atasiyidwa, ndipo kwa anthu ambiri siitha konse, n'chifukwa chake njira zinazi zimafunikabe.

Kwa mwana kapena wachinyamata pali zinthu zina ziwiri zosayenera kulumpha. Choyamba ndi kuyesa levodopa, mankhwala a matenda a Parkinson, kwa masabata angapo, chifukwa pali mtundu wa dystonia umene Masaya Segawa wa ku Tokyo anaufotokoza m'zaka za m'ma 1970, umene umakula madzulo n'kuchepa munthu akagona tulo, ndipo umamva mankhwala amenewa pa mlingo wochepa mochititsa chidwi. Chachiwiri ndi kuyeza matenda a Wilson, amene amaunjika kopa m'chiwindi ndi mu ubongo ndipo ali ndi mankhwala akeake. N'zomvetsa chisoni kubaya mwana jekeseni kumsana kwa zaka zambiri pamene piritsi limodzi likanamuimiritsa njo.

Zimene jekeseni amachita mu mnofu

Botulinum ndi poizoni wopangidwa ndi kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, kamene Émile van Ermengem anakapeza pambuyo pa ngozi ya mu 1895 ku Ellezelles m'dziko la Belgium, pamene oimba nyimbo angapo anadwala ndipo ena anamwalira atadya nyama yosungidwa molakwika. Amene anasandutsa poizoniyu kukhala mankhwala ndi Alan Scott, dokotala wa maso wa ku San Francisco, amene anayamba kumubaya m'timinofu ta maso a anthu a maso opingasa. Bungwe loona za mankhwala la ku America, la FDA, linavomereza mankhwalawa mu 1989 pa matenda a maso ndi a zikope, kenako mu 2000 pa dystonia ya khosi. Pa thunthu la thupi palibe chivomerezo chapadera chotere, choncho madokotala amabaya motsatira luso lawo ndi kafukufuku wochepa amene alipo, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Kuti mnofu ukungike, mtsempha umatulutsa kamadzi kotchedwa acetylcholine pamalo pamene umakumana ndi mnofuwo. Botulinum amalowa kunsonga kwa mtsemphawo n'kudula puloteni imene imatsegula khomo lotulukira kamadziko. Mtundu wa A wa poizoniyu, umene uli m'mankhwala otchedwa Botox, Dysport ndi Xeomin, umadula puloteni yotchedwa SNAP-25, pamene mtundu wa B umadula ina. Uthenga wochokera ku ubongo umafikabe, koma mnofu umaumva pang'ono chabe, choncho umafooka n'kumasuka. Zimenezi zimayamba pakapita masiku angapo, zimafika pachimake pakati pa sabata yachiwiri ndi yachisanu ndi chimodzi, ndipo zimazirala pakatha pafupifupi miyezi itatu pamene mtsempha wadzikonza. Ubongo umakhala usanasinthe, ndiye kuti jekeseniyu sachiza matendawa, amangotontholetsa mnofu umene ukuvutitsa mpaka nthawi yobayanso itakwana, yomwe nthawi zambiri siichepera masabata 12.

Tsiku lobaya limayenda motere. Dokotala amayamba wamuona wodwala ataimirira, akuyenda ndiponso atakhala, msana uli poyera, uku akupapasa ndi zala mizere iwiri ya minofu imene ili mbali zonse za fupa la msana kuti amve pamene palimba ngati chingwe chokoka. Kenako wodwala amagona chafufumimba, kapena amakhala pampando atatsamira kutsogolo ngati kukokanako kumazimiririka akagona. Singano yake imakhala yaitali kuposa yobayira pakhosi ndipo imalumikizidwa ndi waya ku makina a EMG, amene amasandutsa mphamvu ya magetsi ya mu mnofu kukhala phokoso. Singano ikalowa mu mnofu wopuma, makina amakhala zii. Ikafika mu mnofu umene ukukokana wokha, amayamba kuthetheka ngati mvula yamphamvu pa denga la malata, ndipo apo ndi pamene dokotala amafinya mankhwala. Amasuntha pang'ono n'kubayanso, malo angapo kutsika ndi msana, chifukwa mnofu wautali sungakwanire ndi dontho limodzi. Makina a ultrasound amathandiza kuona kuya kwa singano, ndipo zonse zimatha m'mphindi zosaposa makumi atatu nthawi zambiri, wodwala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Chifukwa chake msana si khosi

Pa dystonia ya khosi, jekeseni wa botulinum ndiye chithandizo choyamba ndipo palibe amene amatsutsa. Anthu ambiri amaganiza kuti kumsana zikhalanso chimodzimodzi, koma pali zopinga zitatu zimene ndikufuna kuzifotokoza mofatsa, popeza ndi zimene zimachititsa kuti ena akhumudwe.

Chopinga choyamba ndi kukula kwa minofu. Minofu yowongola msana yotchedwa erector spinae, yomwe ndi iliocostalis, longissimus ndi spinalis, imayambira m'chiuno mpaka kukhosi, ndipo pansi pake pali multifidus, pambali pali quadratus lumborum. Pamene mankhwala ali ndi malire: malangizo a Botox amanena kuti munthu wamkulu asapitirire mayunitsi 400 pa miyezi itatu, ndipo khosi lokha limatha kutenga mayunitsi 200 kapena kuposerapo. Munthu amene khosi ndi msana zikukokera kumbuyo limodzi ayenera kugawa mlingo womwewo pa malo awiri, choncho dokotala amakakamizika kusankha minofu yochepa imene ikukoka kwambiri n'kusiya ina. Tidziwenso kuti mayunitsi a Botox, a Dysport ndi a Xeomin sawerengedwa mofanana, ndiye amene wasintha chipatala ayenera kunena dzina la mankhwala limodzi ndi nambala, osati nambala yokha.

Chachiwiri ndi chakuti minofu ya kumsana ndi imene imatiimiritsa. Mnofu wa khosi ukafooka mopitirira, munthu amamva mutu kulemera kwa masabata angapo. Wa kumsana ukafooka mopitirira, amavutika kudzuka pampando, kukwera masitepe ndi kukhala mowongoka, ndipo angathe kugwa. Dokotala wanzeru amayamba ndi mlingo wochepa n'kumawonjezera ulendo wotsatira, ngakhale kuti zimenezi zimatanthauza kuti jekeseni woyamba angaoneke ngati sanagwire.

Chachitatu, chimene ndimachiona kukhala chachikulu kuposa zonse, ndi chakuti mnofu wolimba ndi wopweteka si nthawi zonse umakhala wolakwa. Taganizirani munthu amene wapendekekera kumanja. Mwina minofu ya kumanja ndiyo ikumukokera pansi, koma mwinanso imene ikupweteka ndi ya kumanzere, yomwe ikulimbana usana wonse kuti asagwe. Kufooketsa ya kumanzereyo chifukwa ndi imene ikumupweteka kuli ngati kudula chingwe chimene chagwira mtengo wopendekeka. Kafukufuku wa EMG pa anthu a Pisa syndrome waonetsa kuti mitundu yonse iwiriyi ilipo, ndipo kwa ena mnofu wokoka sukhala kumsana n'komwe, koma m'mbali mwa mimba kapena m'kati mwa chiuno. Pa chifukwa chimenechi, kubaya kumsana popanda EMG kapena ultrasound ndi kungoponya mwala mumdima.

Tikayang'ana mitundu itatu ija, jekeseni wa kumsana amayenera kwambiri munthu wopindikira kumbuyo, chifukwa minofu yokokayo ili pomwepo pamene singano ingafike, ndipo kuifooketsa ndiko kumene kukufunika. Mu 1998, Cynthia Comella ndi anzake ku Chicago anafotokoza za odwala asanu a mtundu umenewu amene anabayidwa m'minofu ya m'chiuno, ndipo kupindika ndi ululu zinachepa. Pa kupendekekera kumbali zotsatira zake n'zosakanikirana: mu 2007 Laura Bonanni ndi anzake ku Italy anayesa odwala 9 a Parkinson, ndipo ambiri mwa iwo anawongokako, koma magulu ena sanaone phindu lofanana. Pa kuwerama kutsogolo, kubaya kumsana n'kulakwitsa, popeza minofu ya kumsana ya anthu amenewa imakhala itafooka kale, nthawi zina itasanduka mafuta. Ngati pali pobaya ndi pamimba, mu rectus abdominis kapena external oblique, kapena m'kati mwenimweni mwa chiuno mu iliopsoas, ndipo kubaya mu iliopsoas kwakhumudwitsa ambiri chifukwa kumafooketsa mwendo popanda kuwongola msana. Manambala ang'onoang'ono amenewa, asanu apa, 9 apo, akuonetsa okha kuti umboni wa jekeseni pa thunthu la thupi ndi wopepuka poyerekeza ndi wa pakhosi, pamene anthu mazanamazana anayesedwa.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene jekeseni amachita bwino kawirikawiri ngakhale msana usawongoke kwenikweni, ndicho kuchepetsa ululu. Sindikuona kuti limeneli ndi phindu laling'ono. Munthu amene ayambanso kugona usiku wonse, kapena kukhala pampando ola lathunthu osasinthasintha, wapeza chinthu chenicheni, ngakhale chithunzi chake chitaoneka chimodzimodzi.

Zoopsa zake n'zofunika kuzidziwa. Kupweteka ndi kutupa pang'ono pobayidwa, ndiponso kumva ngati chimfine kwa tsiku limodzi kapena awiri, n'zofala ndipo zimatha zokha. Pamwamba pa msana singano yolowa kwambiri ingaboole chikopa cha mapapo, ndipo quadratus lumborum ili pafupi ndi impso. Mu 2009 bungwe la FDA linalamula kuti mankhwala onse a botulinum azikhala ndi chenjezo lalikulu lakuti poizoniyu angafalikire kutali ndi pamene wabayidwa, ndiye munthu amene wayamba kuvutika kumeza, kulankhula kapena kupuma m'masiku kapena masabata otsatira ayenera kuthamangira kuchipatala osadikira. Amene ali ndi myasthenia gravis kapena matenda ena ofooketsa minofu, amene akulandira mankhwala opha tizilombo ngati gentamicin, amene akumwa mankhwala osungunula magazi, ndiponso amayi oyembekezera, ayenera kunena zimenezi asanabayidwe. Mlingo waukulu wobayidwa pafupipafupi ungachititsenso kuti chitetezo cha m'thupi chiyambe kulimbana ndi mankhwalawa mpaka aleke kugwira, ndipo ichi n'chifukwa china chosafulumizira jekeseni wotsatira.

Mapiritsi

Ubwino wa mankhwala akumwa ndi wakuti amafika paliponse, ngakhale mu minofu yakuya imene singano siingaipeze, ndipo kuipa kwake ndi komweko, chifukwa amafikanso kumene sakufunika. Wodziwika kwambiri ndi trihexyphenidyl, amene ena amamudziwa ndi dzina lakuti benzhexol kapena Artane. Stanley Fahn ndi Robert Burke ku New York anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti amathandiza pa dystonia akamakwezedwa pang'onopang'ono mpaka mlingo waukulu. Ana ndi achinyamata amapirira mlingo umenewo, koma akuluakulu amauma kukamwa, amaona mwachimbuuzi, amadzimbidwa, amavutika kukodza, ndipo okalamba amayamba kuiwala ndi kusokonezeka mutu. Baclofen ndi clonazepam amamasula minofu koma amabweretsa tulo ndi kudzandira, ndipo onse awiri sasiyidwa mwadzidzidzi chifukwa angayambitse kukomoka. Tetrabenazine amathandiza ena a tardive dystonia, koma angabweretse kukhumudwa kwakukulu ndi kuyenda mouma ngati kwa matenda a Parkinson.

Pa maganizo anga, mapiritsi amaposa jekeseni pamene dystonia yafalikira ku miyendo, manja ndi thunthu mwa munthu wachinyamata, popeza palibe mlingo wa botulinum umene ungakwanire thupi lonse. Jekeseni amaposa mapiritsi kwa munthu wachikulire amene vuto lake lili pa mzere umodzi wa minofu, chifukwa samusokoneza mutu kapena kumugoneka masana. Ambiri amalandira zonse ziwiri, ndipo jekeseni akagwira amapereka mpata wochepetsa mapiritsi.

Mafizo ndi zotsamira

Mafizo okha sangaletse ubongo kutumiza uthenga wolakwika, koma ndi amene amasandutsa miyezi itatu ya jekeseni kukhala phindu lokhalitsa. Mnofu wokoka ukafooka, pamatseguka nthawi yoti minofu ya mbali inayo ilimbitsidwe, yofupika iwongoledwe, ndiponso munthu aphunzirenso pamene pali pakati, chifukwa amene wapendekeka kwa nthawi yaitali amamva ngati wawongoka pamene akadali chopendekeka, ndipo amafunika galasi kuti akhulupirire. Anthu ambiri a dystonia amakhalanso ndi kachinsinsi kawo kamene kamamasula minofu kwa kanthawi: kugunditsa msana kukhoma, kuika dzanja m'thumba kapena pantchafu, kubereka chikwama cholemera pang'ono, kapena kukankha choyendera cha zogwirira zazitali. Wa mafizo wodziwa ntchito amafunsa za zimenezi n'kumangapo. Malamba olimba omanga thunthu sathandiza ambiri, popeza minofu imalimbana nawo mpaka khungu kunyuka.

Pamene nkhani ifika pa opaleshoni

Opaleshoni yodziwika pa dystonia ndi yoika timawaya m'kati mwa ubongo, pamalo otchedwa globus pallidus internus, n'kutilumikiza ku kabatire koikidwa pansi pa khungu la pachifuwa, kamene kamatumiza mphamvu ya magetsi yochepa usana ndi usiku. Imatchedwa DBS (deep brain stimulation), ndipo inakula kuchokera ku ntchito ya Alim-Louis Benabid ku Grenoble m'dziko la France mu 1987, amene anayamba ndi anthu onjenjemera. Ku America inaloledwa pa dystonia mu 2003. Mu 2005 Marie Vidailhet ndi anzake ku France anafalitsa zotsatira za odwala 22 a dystonia ya thupi lonse, amene zizindikiro zawo zinachepa pafupifupi ndi theka patatha chaka, ndipo mu 2006 Andreas Kupsch ndi anzake anayerekeza odwala 40, ena makina atayatsidwa ena atazimitsidwa mosadziwa, n'kupeza kusiyana koonekeratu patatha miyezi itatu. Umboni umenewu ndi wolemera kuposa wa jekeseni wa kumsana, ndipo njirayi imagwira bwino makamaka pa dystonia yakumtundu yotchedwa DYT1 komanso pa tardive dystonia. Siimvanso vuto la kukula kwa minofu, chifukwa imakonza uthenga kugwero kwake.

Mtengo wake pa thupi ndi waukulu. Pali ngozi yaing'ono koma yeniyeni yakuti magazi atayike mu ubongo, tizilombo tingalowe pa mawaya mpaka achotsedwe, mawu angasinthe, ndipo phindu silibwera tsiku limodzi koma m'masabata ndi miyezi ya kusintha makina. Batire likatha kapena waya ukaduka mwadzidzidzi, kukokana kungabwerere mwamphamvu yoika moyo pachiswe, choncho munthu amamangika kwa moyo wonse ku chipatala chodziwa makinawo. Ndiponso si onse amene amapindula mofanana: dystonia yobwera chifukwa ubongo unavulala pobadwa imamva pang'ono, ndipo kuwerama kwa matenda a Parkinson kumene kwakhala zaka zambiri nthawi zambiri sikubwerera.

Palinso kapampu ka baclofen, koikidwa pansi pa khungu la pamimba, kamene kamathira mankhwala pang'onopang'ono m'madzi ozungulira chingwe cha mitsempha cha mumsana. Kamayenera makamaka anthu amene dystonia yawo yasakanikirana ndi kuuma kwa miyendo, monga a cerebral palsy (kulumala kobwera chifukwa ubongo unavulala munthu ali khanda), ndipo cholinga chake kawirikawiri chimakhala kukhala bwino pa chikuku ndi kusamalika mosavuta. Kamafuna kudzazidwa pakapita miyezi ingapo, ndipo kakatsekeka munthu amatentha thupi, kuyabwa ndi kuuma koopsa. Opaleshoni yomanga mafupa a msana ndi zitsulo ndiyo ndingaichenjeze kwambiri ngati dystonia isanagonjetsedwe, chifukwa minofu imapitiriza kukoka mpaka zitsulo kumasuka kapena kuthyoka.

Kuyesa jekeseni moyenera ndi kudziwa pomulekera

Chimene chimaika jekeseni patsogolo pa opaleshoni si mphamvu yake, koma chakuti cholakwika chilichonse chimatha chokha pakapita miyezi itatu. N'chifukwa chake munthu wopindikira kumbuyo, kapena wopendekekera kumbali amene EMG yaonetsa bwino mnofu wokoka, ndi bwino ayambe ndi njira imeneyi. Koma kuyesako kukhale ndi dongosolo. Asanabayidwe, agwirizane ndi dokotala chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti aziyezera, monga mphindi zimene angaime asanatsamire, mtunda umene angayende, kapena maulendo amene ululu umamudzutsa usiku. Wachibale amujambule kanema pa foni, chakumbuyo ndi chakumbali, ataimirira ndiponso akuyenda, pamalo omwewo ndi nthawi yomweyo ya tsiku, kenako ajambulenso patatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Zimenezi n'zofunika chifukwa wodwala amabwerera kuchipatala pa sabata ya 12, mankhwala atatha kale mphamvu, ndipo dokotala wopanda kanema amaona msana womwe uja n'kulephera kudziwa ngati anabaya mnofu woyenera.

Jekeseni woyamba akapanda kugwira, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala mnofu wolakwika kapena mlingo wochepa, osati kukana kwa thupi, choncho ndi bwino kusintha malo ndi mlingo kawiri kapena katatu asanagamule. Zimenezi zimatenga pafupifupi chaka. Koma chaka chimenecho chikatha popanda kusintha kooneka pa kanema kapena pa ululu, sindikuona nzeru yopitiriza kubaya chifukwa chongozolowera. Msana wokhala chopindika kwa zaka umasintha mafupa ndi mfundo zake, ndipo kupindika kumene poyamba kunkatha munthu akagona kumayamba kukhalabe ngakhale ali chagada. Pamenepo DBS ingamasule minofu koma singawongole fupa limene lauma kale. Choncho pa ulendo uliwonse dokotala ayenera kumugoneka wodwala chagada n'kuona ngati msana ukufikabe pabedi wonse, ndipo tsiku limene mpata wayamba kutsala pakati pa msana ndi bedi, kapena phewa limodzi likukana kutsika, kalata yopita kwa akatswiri a DBS ilembedwe ulendo womwewo, jekeseni akupitirirabe pofuna kuchepetsa ululu pamene akudikira tsiku lokaonana nawo.